Nsalu za Mwezi Umodzi

12 Febuluwale

Ababa,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likuti bwanji? Ife kuno tili bwino. Mkamwini wanu akupereka moni, ndipo mdzukulu wanu wayamba kukwawa. Dzina la Kachiswe munamupatsa lija lamuyenera, chifukwa watafuna kale mwendo wa tebulo ndi ngodya ya chitupa changa cha kuntchito.

Ndaganiza zolemba kalata chifukwa pafoni mwandigonjetsa. Amayi ali moyo, ndikaimba munkangoti, "Tili bwino, nawa amayi ako," n'kuwapatsa foni. Masiku ano mumati, "Tili bwino," kenako tonse awiri timangomvetsera kupuma mpaka mayunitsi atha. Adalaivala a basi ya m'mawa avomera kumatinyamulira makalata. Inu munagwira ntchito kudepoti ya mabasi moyo wanu wonse, ndiye sangakukanireni.

Nkhani yanga ndi ya zitseko. M'kati mwa nyumba yathu muli makomo asanu: la kukhitchini, la kubafa, la kuchipinda kwanu, la kwa mlongo wanga ndi langa. Onsewo akulendewera nsalu. Ndikukumbukira Amayi akuzipachika, ine nditawagwirira misomali, akuti, "Izi n'za mwezi umodzi wokha, bambo ako akalandira tigula zitseko." Ine ndinakula, ndinaphunzira unamwino, ndinakwatiwa, ndabereka. Mwezi umenewo ndi wautali, Ababa.

Kumbukirani mmene mkamwini wanu anavutikira titabwera ulendo watha. Ankasamba akutsokomola kuti anthu adziwe kuti kubafa kuli munthu, mpaka azakhali anakamugulira mankhwala a chifuwa.

Ndaikamo zithunzi zinayi zimene ndadula m'kabuku ka kusitolo ya zomangira. Musankhe chitseko chimene chikuiyenera nyumba yathu. Muyezenso khomo, m'litali ndi m'lifupi, munditumizire muyeso. Zotsalazo ndi zanga.

Mundiuze ngati mukudya mokwanira. Ndipo musandiyankhe kuti "tili bwino."

Ndine mwana wanu,
Kapitawo (poti dzinali simudzalisiya)

21 Febuluwale

Kapitawo mwana wanga,

Tili bwino. Ndalemba dala, ndipo ndikukuona mmene wakwinyira nkhope. Bondo limadandaula kukachita mitambo basi. Ndikudya. Azakhali ako amabwera kudzayendera mapoto, ndipo akawapeza oyera kwambiri amandizenga mlandu. Undiperekere moni kwa mkamwini. Kachiswe umusisite pamutu, koma kalatayi usamupatse.

Zithunzi zako ndaziyala patebulo, ndaziyang'ana nditavala magalasi, ndaziyang'ananso nditavula.

Choyamba chija n'cha galasi. Ngati munthu akuona zonse zili m'kati, kutseka ndi kusatseka kukusiyana pati? Mkamwini angayambenso kutsokomola. Chachiwiri n'chotsetsereka ngati cha basi. Zimenezo ndikuzidziwa bwino: zimayenda mokoma zikadali zatsopano, kenako zimafuna phewa la munthu wamphamvu. Chachitatu, chakuda chozokota maluwa chija, n'cha ku ofesi ya woweruza milandu. Ndingamagogode polowa m'chipinda changa chomwe. Chachinayi, choyera chosalala, n'cha kuchipatala kwanu. Ndikachitsegula ndiziyembekezera jakisoni.

Sindikunyoza. Zonse n'zokongola, koma zikufuna nyumba ina. Yathuyi ndi ya pansi pofiira, mazenera aang'ono, denga lofika pafupi ndi mutu, ndi kabati yamatabwa imene amayi ako ankaipukuta Loweruka lililonse. Ukaiveka zitseko zimenezi idzaoneka ngati ine tsiku la ukwati wako, nditamira mu suti ya malume ako ija.

Komabe mawu a Kapitawo sagwa pansi. Ndinabwereka tepi kwa akalipentala a kuseri kwa msika, ndayeza khomo, ndipo muyeso uli pakapepala kali m'katimu.

Mlongo wako anaimba foni kuchokera kunja kuja. Ndinamuuza za zitseko. Anati zili bwino kwambiri, chifukwa ogula akalowa m'nyumba ya nsalu amatuluka msanga, pamene nyumba ya zitseko amaiyang'ana ndi maso awiri. Ndisanafunse kuti ogula ake ati, foni inadula, monga imachitira.

Kodi kukubwera anthu odzaiona nyumbayi? Undiuze kuti ndisese.

Bambo ako

2 Malichi

Ababa,

Kalata yanu ndinaiwerengera anzanga kuntchito, ndipo wina anaseka mpaka anataya tiyi. Zaka zonsezi nthabwala zimenezi munkazibisa kuti? Tili bwino tonse. Kachiswe wamera dzino lina, tebulo lili pamavuto.

Popeza mwazinyoza zonse zinayi mofanana, ndasankha ndekha. Ndagula zoyera zosalala zija, zisanu, ndi zogwirira zake zonyezimira. Musaope jakisoni. Zoyera zimawalitsa nyumba, ndipo m'kolido mwathu muja mumachita mdima ngakhale masana. Zibwera pa lole ya mnzake wa mkamwini wanu. Muwaitane akalipentala adzazikhome.

Mwafunsa za alendo. Inde akubwera, ndipo mmodzi wa iwo ndi wovuta kumusangalatsa. Koma musandifunse zambiri panopa. Chinthu chisanapse sitilawa. Ine ndi mlongo wanga takambirana ndipo tagwirizana.

Chimene ndikupempha n'choti muyambe kutulutsa katundu m'chipinda changa ndi m'chipinda cha mlongo wanga. Manyuzipepala akale, matayala a njinga, wailesi zakufa zija, zonse zichoke. Zipindazo zikhale mbee. Ndipo musadandaule, Ababa, chaka chino sichitha mukukhala nokha.

Mwezi uno ndili ndi ntchito yambiri, wodi yadzaza, ndiye ndikachedwa kulemba musadabwe.

Kapitawo wanu

11 Malichi

Mwana wanga,

Moni nonse. Ine ndilipo. Zitseko zafika zonse zisanu, zosakalika, zokutidwa m'mapulasitiki ngati mkate. Anthu a mumsewu mwathu anatuluka kudzaonerera. Mayi wa pagolosale anafunsa ngati ndikutsegula chipatala.

Akalipentala anabwera ndi zida zawo. Tinayamba ndi chipinda chako, ndipo chitseko chinalowa ngati chinabadwira pomwepo. Anaimba mluzu, nati ntchitoyi itha dzuwa lisanapendeke. Kenako tinanyamula chachiwiri kupita kukhitchini. Tinachiimika pakhomo, ndipo pambali panatsala mpata woti ine n'kudutsa osachikhudza. Akalipentala anandiyang'ana kudzera pampatapo, nati, "Achikulire, kodi munayeza makomo angati?"

Ndinati, "Limodzi. Mwana anati ndiyeze khomo."

Anati, "Ndiye enawa munawafunsa?"

Tinazungulira nyumba yonse ndi chitseko pamapewa ngati tikuchifunira ukwati, ndipo paliponse chinakanidwa. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke mmene nyumbayi inamangidwira. Sinamangidwe kamodzi. Tinkawonjezera chipinda tikapeza njerwa, ndipo khomo lililonse lili ndi mwini wake.

La kukhitchini ndi la amayi ako. Tsiku limene ankalimanga, iwo anali ndi pathupi pa mlongo wako. Anabwera ndi beseni lalikulu lochapira lija m'chiuno, naima pakati penipeni pa mpata, nauza womanga kuti, "Njerwa yanu iyambire pamene pathera beseni." Womanga anati khomo lotero silipezeka m'buku lililonse. Iwo anati, "Bukulo silichapa." Anaima pomwepo mpaka mzere woyamba unayalidwa.

La kwa mlongo wako ndi lalitali kuposa onse, chifukwa amayi ako anaona mapazi ake ali khanda nati mwanayu adzatalika ngati mlongoti. Monga ukudziwa, anatengera ine. La kubafa ndi lalifupi chifukwa ndinaliyeza ndi mutu wanga, ndipo mphumi ya mkamwini ndi mboni. La kuchipinda kwathu ndinamanga ndekha womanga atadwala. Amayi ako ndiwo anandigwirira chingwe, koma ankaseka kwambiri moti khomolo linapendekera kumanzere, ndipo likadali chipendekere. Lako ndilo linamangidwa pomaliza, ndi mmisiri wa zida zoyezera, sikweya ndi levulo. Ndilo ndinayeza, chifukwa ndiwe unafunsa.

Ndikuuze zoona, sindinkadziwa kuti makomowa ndi osiyana chotere. Nsalu siidandaula, imangolendewera. Dzulo ndaziyala zonse pabedi ndipo ndaona kuti iliyonse inasokedwa pa muyeso wakewake. Ya kuchipinda kwathu mpendero wake ndi wopendekera, kuti ikapachikidwa izioneka yowongoka. Amayi ako sanandiuzepo.

Akalipentala akuti njira zilipo ziwiri. Kudula zitseko sikutheka, poti m'kati mwake ndi zamphako, ndipo chachifupi sungachitalikitse. Yotsala ndi kukonza makoma: kugumula apa, kuwonjezera njerwa apo, mpaka makomo onse afanane ndi lako. Ndawauza kuti ndiyambe ndaganiza.

Pakali pano zinayizo zatsamira khoma pabalaza. Chimodzi ndachigoneka pamipando iwiri, ndipo ndi tebulo labwino lositirapo zovala.

Pali china chimene sindinalembe poyamba. M'nyumba ya nsalu munthu sasowa. Ndinkakhala pampando wanga n'kumadziwa pamene amayi ako ali, osadzuka. Akamaimba kukhitchini, nyimbo inkafika mpaka kuchipinda. Mwina n'chifukwa chake mwezi uja unkangotalika. Basi, ndi zimenezo.

Zipinda ziwiri zija ndatulutsamo katundu monga unanenera.

Bambo ako

19 Malichi

Iwe mwana wa achimwene,

Ndine azakhali ako. Moni, ndipo moniyo ndi wamfupi chifukwa ndakwiya. Ine za makalata si zanga, koma foni yako imangolira osayankhidwa, akuti uli ku wodi. Wodi imeneyo ilibe zenera loti munthu n'kusuzumira kwawo?

Kodi bambo ako mukuwatani? Ndapita dzulo ndapeza mapoto a malemu alamu anga ali m'makatoni, katoni iliyonse yomangidwa chingwe ndi kulembedwa pamwamba ngati katundu wa kudepoti. Nkhuku apereka kwa aneba. Adula kanthambi ka mtengo wa mandimu uja amayi ako anadzala, akabzala m'chitini, ndipo anandifunsa ngati mandimu amabereka pakhonde la nyumba zosanjikizana za m'tauni. Lamba wa thalauza aboola bowo lina.

Ndinati, "Achimwene, ulendowu ndi wa kuti?"

Iwo, "Kumene ana anena."

Ndinati, "Anena liti?"

Iwo, "Sananene. Koma ukaona mbuzi ikusambitsidwa, umadziwa kuti ikupita kumsika."

Ndinati, "Ndiye bwanji osawafunsa?" Akuti anafunsa kamodzi, ndipo munthu wamkulu safunsa kawiri. Ukuwadziwa bambo ako. Angamire m'madzi ofika m'mawondo chifukwa choopa kusokoneza anthu ndi kukuwa.

Tsono ndikufunse ine, amene ndilibe manyazi. Mukugulitsa nyumbayi? Mwawagulira zitseko zoyera kuti ogula akopeke, inu muwanyamule mukawaike pakona m'tauni ngati ambulera? Ngati ndi choncho nenani poyera, ndikwere basi ndidzakukoke makutu pamaso pa odwala ako. Unamwino wakowo ine sundiopsa, ndinakusintha matewera.

Ukamayankha unditumizireko mankhwala opaka m'mawondo aja, a fungo loipa, ndiwo amagwira. Komanso ngati zitseko zoyerazo zikusowa kolowera, kwanga kuli makomo omvera.

Azakhali ako

2 Epulo

Kapitawo,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kalata yanga ija sunayankhe. Ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukira, komanso ndikudziwa kuti ndinakukhumudwitsa ndi muyeso wanga. Unagula zinthu zabwino ndi mtima wabwino, ine ndinakubwezera nthano za beseni.

Ndaganiza mokwanira. Zitseko zilibe mlandu, olakwa ndi makoma. Anthu obwera sadzafuna kumva chifukwa chimene khomo lili lopendekera, adzangofuna litseke. Ndawauza akalipentala kuti abwere ndi mnzawo womanga Lolemba likubwerali. Ayambira kukhitchini, poti ndi pamene pali ntchito yosavuta: kungoyala njerwa mbali imodzi mpaka mpata utachepa. Mchenga ndi simenti zafika kale. Beseni lija silidzadutsanso, koma palibe amene amalinyamula masiku ano.

Alendo akowo ukawauze zinthu zingapo, chifukwa ine ndikhoza kudzaiwala pa tsikulo. Mpopi wa kukhitchini umatsekera kumene mipopi ina imatsegulira, asaulimbitse ndi mphamvu. Zenera la kuchipinda kwathu limafuna kulinyamula pang'ono potseka. Mtengo wa mandimu umakonda madzi otsukira mbale, ndipo asaudule ngakhale umagwetsa masamba pakhonde. Ukaoneka ngati wauma, sunaume.

Za ine usavutike nazo. Sindifuna malo aakulu. Bedi, mpando, ndi pena poika makina osokera a amayi ako, ngati mkamwini angalole. Sindisoka, koma ndimawathira mafuta. Kachiswe ndizimuyang'anira inu mukapita kuntchito, ndipo ndaona kuti chimenecho ndi chinthu chabwino. Ndikuyesetsa kuyang'ana kumeneko.

Nsalu ndazichapa zonse ndi kuzisita pa tebulo latsopano lija. Zinayi ndazipinda, mudzagawane ndi mlongo wako. Ya kuchipinda kwathu ndaibwezera pakhomo mpaka tsiku lonyamuka. Imeneyo ndidzatenga ine.

Bambo ako

5 Epulo

Ababa,

MUSAKHUDZE KHOMA. Womangayo akafika mumupatse tiyi abwerere. Moni ndipereka pambuyo.

Kalata yanu ndi ya azakhali zafika limodzi lero. Ya azakhali inagona masabata pansi pa mpando wa adalaivala, yabwera itadetsedwa ndi girisi. Ndaimba foni yanu mpaka chala chawawa, ikungolira. Foni ya azakhali ndi yozima. Basi ya mawa kulibe, ndiye kalatayi ifika Lolemba lomwelo, ndipo adalaivala ndawalumbiritsa kuti aibweretse pakhomo ndi manja awo asanapite kwina kulikonse.

Ababa, ndani anakuuzani kuti tikugulitsa nyumba? Mlongo wanga? Ameneyo ngakhale mutamupatsa khanda kuti anyamule amayamba wafunsa mtengo wake. Chimene ndinagwirizana naye n'choti chipinda chake chikhale cha Kachiswe, basi.

Alendo aja ndife. Ndinapempha kuti andisamutsire kuchipatala cha kwathuko, ndipo mkamwini wanu ntchito yake ya magetsi akhoza kuigwira kulikonse. Mlendo wovuta kumusangalatsa uja ali ndi mano anayi ndipo pano akutafuna chivundikiro cha cholembera changa. Sitikubwera kudzakutengani. Tikubwera kudzakudzazirani nyumba mpaka mudzayambe kulakalaka bata.

Ndinabisa chifukwa cha chaka chija. Mukukumbuka, ndinauza Amayi kuti andisamutsa, iwo anachapa nsalu zonse ndi kukonza chipinda changa, kenako akuluakulu a kuntchito anasintha maganizo. Amayi anangoti, "Palibe kanthu, tidikira," ndipo nthawi yodikira sinawakwanire. Sindinafune kuti nanunso muchape nsalu pachabe. Chilolezo chatuluka sabata yathayi, chili m'manja mwangamu, chodindidwa. Ndimati ndidzakuuzeni pamaso kuti ndidzaone nkhope yanu. Taonani tsopano, inu mwachapa nsalu, mwalongedza mapoto, mwagawa nkhuku.

Kalata yanu ya makomo ija sindinakhumudwe nayo. Ndinaiwerenga kangapo, ndipo ndinasowa poyambira kuyankha. Nkhani ya beseni sindinkaidziwa. Khomo limenelo likhale mmene Amayi analiimira.

Zitseko sankhani nokha, ndasiya ukapitawo. Ndikupempha ziwiri zokha: kubafa kutsekeke, mkamwini wanu apume kutsokomola, ndipo kukhitchini kukhale chotchinga kuti Kachiswe asakwawire kumoto.

Tsopano moni. Muli bwanji, munthu wamkulu wosafunsa kawiri?

Mwana wanu

14 Epulo

Kapitawo mwana wanga,

Tili bwino, ndipo ulendo uno ukhoza kukhulupirira.

Adalaivala anasunga lumbiro lawo, koma basi ndi basi. Pamene ankafika pageti akukupiza kalata m'mwamba, womanga anali atayala kale njerwa kufika m'bondo. Ndinawerenga nditaimirira pabalaza. Nditamaliza ndinavula magalasi n'kuwapukuta, poti anachita nkhungu. Womanga anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, koma achotse njerwazo.

Anati, "Achikulire, ndangoyala kumene."

Ndinati, "N'chifukwa chake ndikuti muchotse, simenti isanadziwe."

Tinazichotsa ndi manja, ine, iye ndi akalipentala, adalaivala atatigwirira ndowa. Pansi patsala kachipsera kotuwa pa simenti yofiira ija. Ndimati ndipakepo polishi, koma ndakasiya. Nalonso khomolo lawonjezera nkhani ina.

Foni ndaipeza. Inali m'katoni ya mapoto, m'kati mwa poto wamkulu, nditavundikira. Loweruka lija ndinkamva kulira chapansipansi n'kumayesa ya aneba. Mapoto abwerera m'malo mwake. Nkhuku zabwerera zonse kupatula tambala, amene aneba akuti anadwala mwadzidzidzi tsiku la alendo awo. Azakhali ako afika ndi mnyamata wa ngolo ndipo atenga zitseko zoyera ziwiri, akuti ndi malipiro a kalata yawo. Akuti mankhwala a m'mawondo usaiwale, makutu ako akadali pangozi.

Tsono popeza wandipatsa udindo, ndasankha, ndipo ndinayamba ndafunsa khomo lililonse palokha.

Kuchipinda kwako choyera chija chikhale. Chinalowa mwaulemu, ndipo anthu a pabanja amafunika chitseko chenicheni chokhala ndi loko. Ndayesa kuchitsegula kangapo, jakisoni sanabwere. Wanena zoona, m'kolido mwawala.

Kubafa ndi kwa Kachiswe akalipentala akupanga zamatabwa a paini, chilichonse pa muyeso wa khomo lake, zopanda maluwa, zopaka vanishi wofanana ndi kabati ya amayi ako. Ndinawatengera chitseko chimodzi cha kabatiyo kuti akaone mtundu. Cha kwa Kachiswe n'chachitali ngati cha m'tchalitchi. Mwina iyeyo ndiye adzatalike, ulosi wa amayi ako ungokhala kuti unalumpha m'badwo umodzi. Cha kubafa n'chachifupi, ndipo pamwamba pake ndakhomapo kachidutswa ka tayala kuti mphumi ya mkamwini izifikira pofewa. Umuuze kuti kutsokomola kwatha, koma kuwerama kukadalipo.

Cha kukhitchini ndicho chinandigoneka mochedwa. Iwe ukufuna kutseka kuti mwana asafike kumoto. Ine sindifuna khitchini yotsekeka. Kenako ndinakumbukira chitseko cha ku ofesi ya katundu kudepoti kwathu, chimene chinali chodulidwa pakati: chapansi chotseka kuti anthu asalowe, chapamwamba chotsegula kuti tizilankhulana. Ndinawajambulira akalipentala papepala. Anakanda mutu nati zoterozo amaika m'makola a mahatchi. Ndinati mdzukulu wanga sasiyana kwenikweni ndi hatchi. Apanga chotambalala mokwana khomo lonse, pa mahinjesi olimba, ndipo achikhoma dzulo. Chapamwambacho ndachikolowekera kukhoma ndi kawaya, ndipo sindikuona tsiku limene chidzatsekedwe. Ndatenga beseni lija, ndaliika m'chiuno, ndadutsa. Akalipentala anayang'ana kumbali mwaulemu.

Madzulo ndinakhala pampando wanga kuyesa ngati mawu akudutsa. Azakhali ako anali kukhitchini akukalipira mapoto, ndipo ndinamva liwu lililonse. Choncho chitsekocho chikugwira ntchito. Ukabwera uziimba ukamaphika. Ndikudziwa kuti mawu ako anatengera ine, ali ngati hinjesi yosowa mafuta, koma ndidzapirira.

Chitseko choyera chimodzi chikhalabe tebulo lositira. Chinacho ndamusungira mlongo wako, adzachigulitse yekha poti amakonda ogula.

Undiuze tsiku lofika kuti ndidzakudikireni kudepoti. Kanthambi ka mandimu kaja kaphuka m'chitini, tidzakabzala kuseri ndi Kachiswe, ngati sadzayamba wakadya.

Kuchipinda kwanga usavutike nako. Akalipentala anayeza khomolo, napendeketsa mutu, nati chitseko chake chingafune kuganizira. Ndawauza kuti asafulumire. Nsalu ilipo, ndipo ikulendewera mowongoka. Amayi ako anati ndi ya mwezi umodzi, ndipo mweziwo sunathe.

Bambo ako